Ming'alu ya a Robson Ng'uni

A Robson Ng'uni anabwerera kwawo ku Tembwe m'chaka cha 1991, atagwira ntchito ku migodi zaka khumi ndi zinayi. Anatsika lole pa mphambano ali ndi sutikesi imodzi, wailesi yopanda mabatire, ndi dzanja lamanja lotsala chala chachikulu chokha. Zala zina zinayi zinaphwanyidwa ndi mwala pansi pa nthaka, ndipo madokotala a kumeneko anangozimaliza n'kusoka, moti dzanjalo linatsala lopyapyala ndi losalala ngati nsonga ya nkhafi. Akazi awo a Doris, omwe kumudzi aliyense amawatchula kuti NyaZimba, anali atatsogolako miyezi iwiri m'mbuyo kudzakonza nyumba ndi kutsegula dimba.

A Ng'uni anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wosakonda kuyankhula pagulu. Atangofika, anthu ankabwera kudzawapepesa ngati pagwa maliro, ndipo zimenezi zinkawavuta kuposa dzanjalo. Khasu analiphunziranso pang'onopang'ono: ankamangirira mpini kumkono ndi chubu chakale cha njinga, n'kumalima mpaka mkono utachita dzanzi. Nkhwangwa inawakana. Mabatani a malaya ankawamanga ndi NyaZimba m'mawa uliwonse, ndipo onse awiri ankachita zimenezi mosayang'anana, ngati kuti ndi momwe zakhalira kuyambira kale.

Chaka chotsatira mvula inadula mu Januwale, chimanga chikungoyamba kumasula ngayaye. Mpunga wa m'dambo unapsa usanabereke. Pofika mwezi wa Seputembala anthu ankadalira chimanga chachikasu cha chithandizo, chimenenso chinkafika mwa apo ndi apo, ndipo madzi ankawapeza pokumba mumchenga wa mtsinje. Tsiku lina a Ng'uni anaperekeza akazi awo ku chitsime cha mumchengacho. Ali chikhalire podikira kuti madzi adzadze, anaona njuchi zikumwa pa mchenga wonyowa, ndipo iliyonse ikakhuta inkanyamuka n'kulunjika kum'mawa, popanda ngakhale imodzi yolowera kwina. Anakumbukira malemu bambo awo, omwe anali odziwa kufula njuchi, akunena kuti njuchi yokhuta madzi sicheza m'njira. M'mawa mwake anatenga phulusa loyera m'kachitini, anawaza pa njuchi zingapo kuti aziziona bwino zikamauluka, n'kuyamba kuzitsata.

Zinawatengera masiku awiri, akuzitaya n'kuzipezanso. Zinakawafikitsa ku matanthwe a kum'mawa kwa mudzi wawo, ulendo wa maola awiri kwa munthu wodziwa njira, kumene anthu sankapitako kawirikawiri chifukwa kulibe munda kapena nsomba. Njuchizo zinkalowa pamwamba pa thanthwe lalitali ngati mitengo iwiri ya mlambe yosanjikizana. Nkhope ya thanthwelo inali ndi timabowo ndi timakwinya tomwe munthu wa zala khumi akanatha kugwira. A Ng'uni anayesa ndi dzanja lamanzere lokha, anakwera pang'ono, anatsetsereka n'kudzisupula pachibwano. Anakhala pansi nthawi yaitali akuyang'ana njuchi zikulowa ndi kutuluka.

Chapambali panali mng'alu waukulu, wochokera pansi mpaka pamwamba, wotakasuka moti munthu atha kulowamo cham'mbali. Poyamba sanauganizire n'komwe. Koma atasuzumiramo n'kumva kamphepo kozizira ndi fungo la mileme, thupi lawo linakumbukira ku mgodi, komwe nthawi zina ankakwera m'timipata ta miyala mopanda makwerero, msana ku khoma ili, maondo ku khoma ilo. M'malo otero zala zinalibe ntchito kwenikweni. Anavula nsapato, analowa, anakankha ndi mapazi, msana unakwera pang'ono. Anakoka mpweya kuti chifuwa chifufume n'kugwira makoma onse awiri, anakweza mapazi, anakankhanso. Pomwe mng'aluwo unapanikiza, anatulutsa theka la thupi kunja, analowetsa mkono wonse n'kuupinda pa chigongono kuti ukhazikike ngati chipika chokhomedwa pa mpata, bondo limodzi analilowetsanso chimodzimodzi. Anafika pamwamba dzuwa litapendeka, malaya atang'ambika kumsana, zigongono zikutuluka magazi. Tsiku limenelo sanafule chilichonse chifukwa analibe moto. Anangokhala pamwambapo akuyang'ana chigwa chonse chauma, kenako anatsika momwe anakwerera.

Anabwererako patapita masiku atatu ali ndi muuni wa udzu, chitini ndi chingwe cha luzi. Uchi unali wochepa chifukwa cha chilala, wakuda, wowawirako, koma unadzaza chitinicho kupitirira theka. NyaZimba atauona sanafunse kumene wachokera. Anayang'ana zigongono za amuna awo, anatenthetsa madzi a mchere n'kuwatsuka mabala. Atamaliza ndi pomwe anati ngati akufuna kudzipha awauziretu, kuti asavutike kuwasungira chakudya. Kenako anawasokera zigamba za chiguduli pa zigongono za malaya ndi pa maondo a buluku.

Kuyambira pamenepo a Ng'uni anakhala munthu wofunafuna ming'alu. Njuchi za m'mitengo anazisiyira ena, popeza kukwera mtengo kumafuna zala. Zawo zinali za m'matanthwe, ndipo vuto silinali kupeza njuchi koma kupeza njira yokafikira pomwe zili. Mng'alu wopapatiza, wongolowa zala, unalibe nawo ntchito. Iwo ankafuna woyambira pa nkhonya kupita m'tsogolo: wolowa chigongono, wolowa bondo, kapena womeza munthu yense. Anaphunzira kuiona ali patali. Ankapita chakumadzulo, dzuwa likamawomba matanthwe cham'mbali, chifukwa nthawi imeneyo mng'alu wakuya umada bii pomwe wosaya umangooneka ngati mzere wa makala. Ankayang'ananso mizere yoyera ya mkodzo wa mbira, popeza mbira sizikhala pomwe palibe pobisala, ndiponso mizu ya mkuyu yotsika ndi thanthwe. Akafika pafupi ankaponyamo mwala n'kumvetsera, kenako n'kugogoda ndi ndodo kuti ngati muli njoka ituluke iwo ali panja. Ming'alu yambiri inkawanamiza: pansi potakasuka, pakati n'kutsekeka, ndipo ankatsika chimanjamanja tsiku litatha. Komabe pofika 1994 ankadziwa yoposa makumi awiri, ndipo uliwonse anali ataupatsa dzina la m'mutu mwawo. Unalipo Wa Mileme, unalipo Mkamwa mwa Ng'ona, unaliponso wina ankangouti Wamwano chifukwa unawagwetsa kawiri.

Chaka chimenecho ku sukulu ya pafupi kunabwera mphunzitsi watsopano, Barbara Kapembwa, mtsikana wamtali wa zaka pafupifupi makumi atatu, wochokera ku Kabwe koma wobadwira ku Mbala. Chisenga, chiyankhulo cha kuderalo, sankachimva, ndiye ndi anthu a kumudzi ankayankhula Chinyanja cha m'tauni. Loweruka lina a Ng'uni anapita ku nyumba za aphunzitsi ndi uchi wa m'mabotolo. Barbara analawa, anatenga botolo limodzi, koma maso ake sanali pa uchiwo. Ankayang'ana zipsera za pa zigongono zawo, za kunja kwa maondo ndi za pa akakolo.

"Ba Ng'uni, mabala awa si a khasu," anatero. "Inu mumakwera ming'alu."

A Ng'uni anakana. Anaganiza kuti mwina mtsikanayo ali pa ubale ndi alonda a nyama ndipo akufuna kudziwa yemwe amayatsa moto m'tchire. Barbara anaseka, anapinda mkono wa juzi yake n'kuwaonetsa chigongono chake chomwe chinali ndi zipsera za mtundu womwewo, zakale. Anawafotokozera kuti ali ku koleji anapita ku maphunziro a milungu itatu okwera mapiri kwawo kumpoto, ndipo kuchokera pamenepo tchuthi chilichonse ankapita ndi anzake kukakwera matanthwe. Anzakewo ankakonda malo ogwira ndi nsonga za zala, ndipo ming'alu yotakasuka ankaithawa chifukwa imasupula ndi kutopetsa. Iye yekha ndi amene ankaikonda. Chifikireni ku Tembwe ankayang'ana matanthwe aja m'mawa uliwonse ali pa mzere wa ana a sukulu, koma aliyense yemwe anamufunsa ankangoti kumeneko kuli anyani basi. Ndiye anapempha a Ng'uni kuti tsiku lina adzamutenge popita kumeneko.

A Ng'uni anafunsa chomwe iye amakatenga pamwamba akakwera. Barbara anati palibe. Anafunsanso kachiwiri, poganiza kuti Chinyanja chawo chasemphana, ndipo yankho linali lomwelo. Ananyamula mabotolo awo n'kutsanzika mwaulemu, ndipo m'njira monse ankaseka okha.

Nkhaniyi atakaifotokoza kunyumba, NyaZimba sanaseke. Anati mkazi wosakwatiwa, wovala buluku, wofuna kupita kuthengo ndi mwamuna wa mwini kukatenga chinthu chotchedwa palibe, akufuna kumuona ndi maso awo. Barbara anabwera yekha Lamlungu lotsatira atatuluka m'tchalitchi, atavala chitenje, ndipo anakhala pa mphasa n'kuyamba kuthandiza kusenda nyemba asanapemphedwe. Anacheza za mpunga, za malungo, za amayi ake odwala ku Mbala. Pomaliza NyaZimba anati ulendowo ulipo, koma nawonso apita.

Anapitadi atatu, Loweruka lililonse lopanda ntchito ya kumunda. Barbara anali ndi chingwe cha nayiloni chofiira, lamba wa m'chiuno ndi nsapato za mphira zothina. A Ng'uni anakana lambayo, nsapato anangoziyang'ana, koma chingwe anachigwiragwira nthawi yaitali n'kuvomereza kuti chikuposa luzi. Kachitidwe kawo kanali kotere: a Ng'uni ankakwera poyamba, kukakoleka chingwe pa tsinde la mtengo pamwamba n'kuponya nsonga zonse ziwiri pansi. Ina Barbara ankaimanga m'chiuno, inayo inkagwiridwa ndi NyaZimba, omwe anaphunzitsidwa kuizunguliza pa kachitsulo n'kumaikoka pang'onopang'ono. Tsiku loyamba NyaZimba anagwira chingwecho nkhope ili gwa. Tsiku lachitatu anali atayamba kukalipira Barbara kuti akweze phazi lamanzere, ngakhale iwo anali asanakwerepo ngakhale chulu.

Barbara ankadziwa mfundo za chingwe ndi mayina a m'mabuku, koma m'mng'alu a Ng'uni ankamuposa kutali. Iye ankalimbana ndi thanthwe, kupuma mwaphuma, kufika pamwamba ali wefuwefu. Iwo ankakwera pang'onopang'ono ngati mbozi, kupumula pomwe iye sankaona popumulira. Anamuphunzitsa kuyang'ana kaye mbali yomwe mng'alu wapendekera asanasankhe phewa lolowetsa, ndiponso kupanikiza chidendene ku khoma lina ndi zala za phazi ku linzake. Iye anagula kope la sukulu n'kumajambulamo mng'alu uliwonse, njira yokafikirako ndi dzina lake. A Ng'uni ataona dzina loti Wamwano litalembedwa ndi inki anachita manyazi, nati akanadziwa kuti zidzalowa m'buku akanasankha mayina aulemu.

Zovuta zinachitika mu Epulo 1995, mvula ikutha. A Ng'uni anali atapeza mng'alu watsopano kuseri kwa thanthwe lalikulu, woongoka bwino, wolowa bondo kuyambira pansi mpaka pamwamba. Iwo anaukwera kamodzi osaona vuto, chifukwa miyendo yawo inali yaifupi ndi yonenepa ndipo bondo silinkalowa kwambiri. Barbara anayamba kukwera dzuwa lisanatenthe. Atafika chapakati, phazi lakunja linaterereka pa ndere, thupi lonse linatsika pang'ono, ndipo bondo lamanja linalowa mkati n'kukhazikika pomwe mng'aluwo unapanikiza. Anayesa kulikoka, osatheka. Anayesa kulipotoza, ndipo linangolowereranso. Poyamba anaseka n'kuuza a pansi kuti adikire pang'ono. Patapita nthawi kuseka kunatha. Bondo linayamba kutupa, ndipo anati phazi sakulimvanso.

A Ng'uni anali pamwamba. Anayesa kukoka chingwe kuti amukweze, koma Barbara anakuwa ndi ululu ndipo analeka. Anatsikira njira ya kuseri, anazungulira thanthwe mothamanga, n'kuyamba kukwera mng'alu womwewo kuchokera pansi mpaka mutu wawo unafika pa mapazi ake. Anaona kuti nsalu ya buluku yakwinyikira kuseri kwa bondo n'kukhala ngati chotsekera. Anayesa kulowetsa dzanja lamanzere kuti aikoke, koma mfundo za zala zinakana kudutsa pakati pa mwendo ndi mwala. Kumudzi kunali kutali, ndipo ngakhale kukanabwera amuna khumi, pamalopo pankakwana munthu mmodzi yekha. Kumwera mitambo inali itayamba kuda, ndipo iwo ankadziwa kuti mvula ikagwa, madzi onse a pamwamba pa thanthwe amatsikira m'ming'alu.

Barbara anayamba kulira mwakachetechete. Anati mwina apite akaitane anthu a ku kiliniki, ndipo ngati n'kudula mwendo adule. A Ng'uni anamuuza kuti asiye kukoka, chifukwa kukokako ndi komwe kukutupitsa bondo, ndipo atsamire pa chingwe apume.

Pansi, NyaZimba anamangirira chingwe ku mtengo monga anaphunzitsidwira, anayesa mfundoyo kawiri, n'kulowa m'tchire. Pobwera m'mawa anali ataona chewe m'mphepete mwa kakhwawa, therere la m'tchire lija amayi amasambira m'mutu sopo akasowa. Anathyola lodzaza chitenje, analisinja pa mwala, analifinyira m'chitini cha uchi ndi madzi akumwa mpaka linatuluka thovu lonanda, lotereratu. Anamangirira chitinicho ku chingwe cha luzi chomwe chinkalendewera kuchokera m'chiuno mwa amuna awo, n'kuwaitana.

"Atate a Mwiza, kokani ichi. Mumuthire pa bondo, musasiye ngakhale dontho."

Mwiza anali mwana wawo woyamba, wokwatiwa ku Chikwa, ndipo NyaZimba ankawaitana amuna awo ndi dzina limeneli pa nkhani zikuluzikulu zokha.

A Ng'uni anakhazikika bwino ndi msana ndi bondo kuti manja onse awiri amasuke. Anakoka chitinicho, anatulutsa mpeni ndi dzanja lamanzere n'kung'amba buluku kuchokera pa akakolo mpaka pomwe mpeni unatha kufika. Anapatsira Barbara chitini kuti athire kuchokera pamwamba, chewe chinayenderera ndi mwendo n'kuwagwera kumaso. Kenako anaviika dzanja lamanja lija, lotsala chala chimodzi, m'zotsalira, n'kulilowetsa pakati pa mwendo ndi mwala. Linadutsa pomwe lamanzere linakanika. Ndi chala chachikulu anakola nsalu yokwinyika ija n'kuikokera pansi pang'onopang'ono mpaka inatuluka, kenako anapaka chewe kuzungulira bondo lonse, mwala ukuwasupula kuseri kwa chikhatho.

"Manje amadamu, mverani," anatero. "Musakokere kunja. Pondani pa phewa langa ndi phazi linalo, muimirire ngati mukukwera. Mwendo wogwidwawo muusiye ufe, usakhale wanu."

Barbara anati akawaponda agwa. Iwo anati sagwa, ndipo ngati agwe ndiye kuti agwa. Anaponda. Kulemera kwake konse kunatsikira pa phewa lawo, ndipo iwo anakankha ndi miyendo kukwera naye pang'ono. Ulendo woyamba palibe chinachitika. Ulendo wachiwiri bondo linasuntha, ndipo wachitatu linatuluka ndi kaphokoso ngati phazi lozuka m'matope. NyaZimba anamasula chingwe ku mtengo n'kumutsitsa pang'onopang'ono mpaka pansi. Mvula inawapeza ali m'njira, Barbara ali pakati atakoleka mikono m'makosi mwa awiriwo, ndipo pofika pa msewu anabwereka njinga n'kumukankha mpaka ku kiliniki.

Fupa silinathyoke, koma Barbara anayenda ndi ndodo miyezi iwiri, ndipo phazi linatenga nthawi kuti liyambenso kumva bwino. Nkhani inafala mpaka ku Chifunda, ndipo pofika kumeneko inali itasanduka yoti thanthwe linatseka pakamwa n'kumuluma chifukwa chokwera malo a mizimu atavala buluku. Akuluakulu a pa sukulu anamuitana n'kumulangiza kuti mphunzitsi azisamala mbiri yake. A Ng'uni sanapite kukamuona. Ankatumiza uchi kudzera mwa akazi awo, iwo n'kumakhala kumunda kukolola mpaka madzulo. NyaZimba ankadziwa chomwe chikuwadya: mng'aluwo anausankha ndi iwo, ndipo anauyesa ndi mwendo wawo osaganiza kuti wa mnzawo ndi wina.

Barbara atayamba kuyenda bwino anabwera yekha kunyumba kwawo ndi kope lija. Anapeza a Ng'uni akusoka thumba la chimanga, singano ili ku dzanja lamanzere, thumba atalipana ndi maondo. Anawauza kuti pa tsamba la mng'alu uja palibe dzina, ndipo sangalembe lina asanamve kwa mwini wake. A Ng'uni anati mng'alu umenewo ulibe dzina ndipo sadzapitakonso ndi munthu. Barbara anati phazi linaterereka ndi lake, bondo analowetsa mopitirira ndi iye, ndipo akanakhala ndi anzake a m'tauni aja bwenzi pano akuyendera mwendo umodzi. Iwo anangopitiriza kusoka. NyaZimba ndi amene anayankha ali pa khonde, kuti ngati awiriwo alephera, dzina apereka ndi iwo popeza nawonso anagwirapo ntchito: ulembedwe kuti Wa Chewe. A Ng'uni anamwetulira osadzutsa mutu, ndipo Barbara analemba.

Anayambiranso mu Ogasiti. Kuchokera pamenepo a Ng'uni ankati akapeza mng'alu watsopano, ankadula kamtengo kofanana ndi kutambalala kwa bondo la Barbara n'kukwera nako, kumakayesa paliponse pokayikitsa. Anakwera limodzi zaka zina ziwiri, ndipo kopelo linadzaza n'kuyamba lachiwiri. Mu 1997 Barbara anasamutsidwira ku Kabwe, komwe anakakwatiwa ndi mphunzitsi mnzake dzina lake Darius. Pochoka anasiya chingwe chofiira chija kwa NyaZimba, osati kwa amuna awo, ponena kuti mwini chingwe ndi amene amachigwira.

Chaka chotsatira a Ng'uni anayamba kutsokomola. Ku chipatala anawauza kuti ndi fumbi la ku mgodi lomwe linakhala m'mapapo zaka zonsezi. Kuyenda ankayenda, kulima ankalima pang'ono, koma kukwera mng'alu kumafuna chifuwa, ndipo chifuwa ndi chomwe chinatha. Anayesa kamodzi pa Wa Mileme, wosavuta kuposa yonse, anafika pakati n'kutsika okha. Sanadandaule pamaso pa anthu. Anapempha mlamu wawo kuti awasemere ming'oma ya njuchi ya makungwa, anaipachika m'mitengo yaifupi kuseri kwa dimba, ndipo uchi wa pa nyumbapo unayamba kuchokera kumeneko. Koma kufunafuna sanasiye. Kamodzi pa mwezi ankanyamuka ndi ndodo, kuyenda pang'onopang'ono, kupuma pa mthunzi uliwonse, kukazungulira mbali za matanthwe zomwe anali asanafikeko. Akapeza mng'alu ankauponyera mwala, kuuyesa ndi chigongono pomwe akutha kufika ali chiimire, kuuyang'ana mpaka pamwamba, n'kubwerera. Madzulo ake ankauza NyaZimba zoti alembe, ndipo kalata inkapita ku Kabwe: uli mbali yakuti, poyambira pali mkuyu, ukuoneka wolowa munthu yense koma pamwamba sindikulonjeza.

Barbara anabwera pa tchuthi cha Ogasiti mu 1999, ali ndi Darius ndi mwana wa miyezi isanu ndi itatu kumsana. Ulendo wa maola awiri unawatengera anayi chifukwa cha a Ng'uni, ndipo palibe anafulumiza mnzake. Anakafika pa mng'alu wautali kuposa yonse, womwe a Ng'uni anaupeza chaka chimenecho ndipo munthu anali asanaukwerepo. A Ng'uni anawayalira chitenje pansi pa mtengo, mwana anamuika pa miyendo pawo, NyaZimba anagwira chingwe. Barbara anakwera poyamba, chingwe chili m'chiuno kuti akachikoleke pamwamba, mosafulumira, akupumula m'malo momwe iwo ankamuuza ali pansi, ndipo atafika pamwamba anakuwa kuti pali chisa cha kadzidzi chakale ndi mphepo yambiri. A Ng'uni anafunsa ngati pakati paja pomwe pakuoneka pakuda pali potakasuka kapena popanikiza, iye anati potakasuka, ndipo iwo anagwedeza mutu nati ankaganiza choncho.

Kenako inali nthawi ya Darius, munthu wa mpira, wamphamvu, yemwe anali asanalowepo m'mng'alu. Analowetsa phewa lamanzere n'kuyamba kulimbana ndi thanthwe, nsapato zikukwecha mwala, osakwera ngakhale pang'ono. A Ng'uni anamuyang'ana kwa kanthawi, anatsokomola, anapukuta pakamwa, anasuntha mwana kumuika pa bondo lina.

"Aphunzitsi, tulukani muyambirenso," anatero. "Mwalowa chafutambuyo. Phewa lamanja mkati, nkhope iyang'ane kuno kuli ine."

Darius anatuluka, anatembenuka, analowanso. Anakwera pang'ono, kenako pang'ono pena. Anatenga pafupifupi ola lathunthu, ndipo nthawi yonseyo a Ng'uni sanachotse maso pa iye, akumuuza poika chidendene ndi popumira, mawu akuwathera n'kubwereranso. Atatsika, zigongono zili magazi okhaokha, anakhala pansi pafupi nawo n'kufunsa ngati ilipo ina yofupikirako yoti ayese mawa. A Ng'uni anati ilipo itatu kuseri kwa thanthwe lomwelo, koma adzuke m'mamawa chifukwa iwo sayenda mothamanga.